Nsato, Thadzi ndi Chinyontho: Zimene Dzira Limafuna Kuti Liswe

Mlimi wa fodya wa bale ku Mitundu safunsa munthu ngati lero ndi tsiku losankha fodya. Amalawira m'mamawa kusanache, n'kulowa m'chigafa, n'kufumbata tsamba limodzi. Likafewa ngati nsalu, amadzutsa a pabanja pake kuti ntchito iyambike. Likalira khwakhwa n'kuyamba kufumbutuka, amalisiya, chifukwa akudziwa kuti kuligwira tsiku limenelo n'kudzionongera yekha ndalama. Tsamba ndi lomwelo, chigafa ndi chomwecho. Chasintha ndi madzi osaoneka amene ali mumpweya, amene timawatchula kuti chinyontho kapena chinyezi.

Chinyontho chomwechi ndicho chimagamula ngati dzira liswe kapena lisukuse. Ambirife timaganiza kuti dzira limangofuna kutentha basi. Pano tiona kuti kutentha ndi theka chabe la nkhaniyi, ndipo wotiphunzitsa wamkulu akhala nsato, nyama imene ambiri akangoiona amathamangira chibonga.

Madzi amene sitiwaona

Mpweya uli ngati dengu la madzi losaoneka, ndipo dengulo limakula kukatentha. Pa madigiri 10 a Celsius, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse umatha kusenza magalamu 9 a madzi. Pa madigiri 20 umasenza magalamu 17, ndipo pa madigiri 30 umasenza magalamu 30. Akatswiri akamati chinyontho chili pa 50 peresenti, amatanthauza kuti mpweyawo wasenza theka la madzi amene ukanatha kusenza pa kutentha kumeneko.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi chimene chimagwetsa ambiri. Tengani mpweya wa m'mawa wa mwezi wa June ku Nathenje, pamene nkhungu yakuta madambo ndipo mame ali mbuu pa udzu. Mpweya umenewo ndi wokhuta madzi. Koma mukaulowetsa m'bokosi n'kuutenthetsa kufika pa madigiri 31, chinyontho chake chimatsika kufika pafupifupi 30 peresenti. Madzi sanachoke, koma dengu lakula, ndipo mpweya uja tsopano uli ndi ludzu. Uyamba kuyamwa madzi pa chilichonse chimene uchipeze. Mukaika dzira m'bokosimo, dziralo ndilo likhale chitsime chake.

Dzira la nkhuku: chigoba cholimba

Tiyambe ndi dzira lomwe tonse timalidziwa. Chigoba cha dzira la nkhuku chimaoneka chotseka, koma chili ndi timabowo zikwizikwi tosaoneka ndi maso. Mpweya wabwino umalowera m'menemo, woipa n'kutulukira momwemo, ndipo madzi nawo amatuluka pang'onopang'ono. Dzira la nkhuku linapangidwa kuti lizitaya madzi. Pofika tsiku la 18 liyenera kukhala litapepuka ndi 11 mpaka 13 peresenti ya kulemera kwake, kuti kumutu kwake kwakukulu kukhale kachipinda ka mpweya komwe mwanapiye amapumirako koyamba asanagogomole chigoba.

Mayi amene amaweta nkhuku zachikuda amazidziwa zimenezi popanda sikelo. Thadzi likayamba kulira mokalipa n'kufufuma nthenga, amaliyalira udzu m'chidengu chakutha kapena m'mphika wosweka, pakona pamene sipaomba mphepo, n'kuikamo mazira khumi kapena khumi ndi awiri. Kwa masiku 21 thadzi limakhalira mazirawo. Limawatembenuza ndi mlomo kambirimbiri pa tsiku, limatuluka kanthawi kochepa kukajompha ndi kumwa, n'kubwerera msanga. Mazira a nkhanga akaikiridwa thadzi lomwelo amatenga masiku 26 mpaka 28, ndipo a abakha athu akuluakulu aja amafika masiku 35.

Makina oswetsera mazira, monga amene amaswetsa anapiye a nkhuku za Mikolongwe, amangotsanzira thadzi: kutentha kwa madigiri 37.5 kapena kuposerapo pang'ono, chinyontho cha 50 mpaka 55 peresenti, kenako 65 mpaka 70 peresenti masiku atatu omaliza kuti kakhungu ka m'kati mwa chigoba kasaume n'kumatirira mwanapiye. Ana asukulu ophunzira za ziweto ku Bunda, pa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR yomwe ili pafupi ndi Mitundu, amaloweza manambala amenewa. Koma munthu atatenga nzeru zomwezi n'kukazigwiritsa ntchito pa mazira a nsato, akhoza kupha onse sabata isanathe.

Nsato ya kwathu ndi mazira ake

Nsato ya kuno, imene akatswiri amaitchula Python natalensis, ndi njoka yaikulu kuposa zonse m'dziko muno. Yaikazi imatha kupitirira mamita anayi. Ilibe ululu, imapha pokulunga ndi kufinya. Imakonda malo a miyala ndi a m'mbali mwa madzi, ngati amene ali m'nkhalango ya Dzalanyama ndi m'mapiri a miyala omwe amwazikana pakati pa Bunda ndi Nkhoma.

Dzira lake ndi loyera, lalikulu ngati lalanje laling'ono, ndipo chigoba chake si cholimba. N'chofewa ngati chikopa chofufuta, chakuti mukachikanikiza ndi chala chimalowa. Madzi amadutsa mosavuta pa chigoba chotere, kutuluka ngakhalenso kulowa. Pa malo ouma dziralo limafota ngati phwetekere woiwalika padzuwa. Nsato yaikulu imaikira mazira 30 mpaka 50, nthawi zina kuposa apo, m'una wa nengo kapena wa nungu, m'chulu chakale, kapena m'phanga. Akangotuluka amakhala onyowa, ndipo pouma amamatirirana n'kukhala mulu umodzi. Kumatiriranako n'kothandiza: sagubuduzika, ndipo mbali yochepa yokha ya dzira lililonse ndi imene imakhudzana ndi mpweya.

Njoka zambiri zikaikira mazira zimachoka osabweranso. Nsato sitero. Imadzikulunga pa muluwo n'kuukuta wonse, mutu pamwamba. Mu 2018 katswiri wina wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, Graham Alexander, anafalitsa zimene anapeza atatsatira nsato za mtundu umenewu kwa zaka zisanu ndi ziwiri ku Dinokeng, kumpoto kwa Pretoria. Anaika tiziwiya totumiza mauthenga m'matupi mwa nsatozo ndi makamera m'mauna awo. Anaona kuti nsato yaikazi ikakhala pa mazira imada thupi n'kukhala pafupifupi yakuda bii. Imatuluka n'kukaothera dzuwa pakhomo pa una mpaka thupi lake kuyandikira madigiri 40, pafupi kwambiri ndi kutentha kumene kungaiphe, kenako n'kubwerera kukakulunga mazira ndi thupi lofundalo. Kuyambira nthawi yokwerana mpaka ana kuswa imatha miyezi yoposa isanu ndi umodzi osadya, ndipo imataya pafupifupi 40 peresenti ya kulemera kwake. Ana akaswa imakhala nawobe kwa milungu iwiri, kumawakulunga usiku. Zina mwa nsatozi zimafa chifukwa chofooka.

Nsato zina za ku Asia zili ndi njira ina. Zimanjenjemeretsa minofu ngati munthu wa malungo, n'kupanga kutentha m'thupi mwawo momwe. Ku Paris, mu 1841, Achille Valenciennes anayeza nsato ya ku Asia imene inali pa mazira n'kupeza kuti inali yofunda kuposa mpweya woizungulira. Ya kwathu ilibe luso limeneli. Moto wake ndi dzuwa.

Kansato ka ku Togo

Kumadzulo ndi pakati pa Africa, kuyambira ku Senegal kudutsa Ghana, Togo, Benin ndi Nigeria mpaka ku Uganda, kuli mbale wake wamng'ono wa nsato yathu. Akatswiri amamutchula Python regius, ndipo pa Chingerezi amati ball python chifukwa akachita mantha saluma koma amadzipinda ngati mpira n'kubisa mutu pakati. Kuno kulibe, choncho alibe dzina la Chichewa. Ife timutchula nsato yampira. Kawirikawiri imatalika mita imodzi ndi theka kapena kucheperapo, ndipo imaikira mazira ochepa, nthawi zambiri asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Ku Ouidah m'dziko la Benin kuli kachisi amene nsatozi zimasungidwa ndi kulemekezedwa mpaka lero.

Chifukwa cha kufatsa kwake, nsato yampira ndi imodzi mwa njoka zowetedwa kwambiri m'nyumba za anthu ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa. Ghana, Togo ndi Benin akhala akutumiza kunja zikwi makumimakumi za nsatozi chaka ndi chaka, zambiri mwa izo zoswedwa kuchokera ku mazira amene alenje amafukula m'mauna. N'chifukwa chake anthu ambiri amafungatira mazira a nsato imeneyi m'mabokosi.

Ku Togo komweko, Fabien Aubret ndi anzake anafunsa funso losavuta: n'chifukwa chiyani nsato yampira imakulunga mazira ake mothinitsa chotere? Anagawa milu ya mazira. Ina anaisiya ndi amayi awo mpaka kuswa, ina kwa masiku owerengeka, ina anaichotsa kwa amayi kuyambira pachiyambi. Zotsatira zake, zomwe zinafalitsidwa mu 2005, zinaonetsa kuti kukhalapo kwa mayi sikunasinthe kwenikweni kutentha kwa mazira. Chimene chinasintha ndi madzi. Mazira opanda mayi anataya madzi ambiri, chikasu chake chinalimba, ana sanathe kuchiyamwa chonse, ndipo ambiri anafa kapena kuswa ali ang'onoang'ono ndi ofooka. Thupi la mayi linali ngati chivundikiro pa mphika. Tinkaganiza kuti nsato ikuwothetsa ana ake moto, pamene makamaka inali kuwasungira madzi.

Bokosi lolowa m'malo mwa mayi

Woweta akachotsa mazira kwa mayi wake, ndiye kuti wasenza yekha ntchito yonse ya mayiyo. Amakonza zinthu ziwiri: bokosi lalikulu losunga kutentha, ndi kabokosi kakang'ono kosunga chinyontho.

Bokosi lalikulu limakhala losalola kutentha kutuluka, monga lija la pulasitiki losungiramo zakumwa zozizira, kapena filiji yakufa. M'katimo amaikamo waya wotenthetsa wolumikizidwa ku thermostat, kachipangizo kamene kamazimitsa ndi kuyatsa magetsi kokha kuti kutentha kukhazikike pa madigiri 31 mpaka 32. Pansi amandandalika mabotolo odzaza madzi, otseka bwino. Madzi amachedwa kuzizira, choncho magetsi akazima kapena chitseko chikatsegulidwa, mabotolowo amagwiriziza kutentha kwa maola angapo. Zonsezi amaziyatsa masiku angapo mazira asanabwere, n'kumayeza m'mawa ndi madzulo. Kuzizira pang'ono kumangochedwetsa kuswa, koma kutentha kopitirira muyeso kumapundula ana kapena kuwapha, ndipo sikuchedwa.

Kabokosi kakang'ono ndi kapulasitiki kokhala ndi chivundikiro. Pansi pake amathirapo vermiculite. Vermiculite ndi mwala wonyezimira ngati mamba a nsomba umene ukaotchedwa umafufuma n'kumayamwa madzi ngati thonje. Mgodi wake waukulu uli ku Phalaborwa ku South Africa. Muyeso wodziwika ndi kusakaniza ndi madzi mofanana pa kulemera, osati pa kuchuluka kwa m'kapu: magalamu 500 a vermiculite, magalamu 500 a madzi. Koma dzanja limanenanso zoona, monga lija la mlimi wa fodya. Mukafumbata n'kufinya, uyenera kugwirana ngati mbamu ya nsima, koma osadontha. Ukadontha, madzi achuluka. Ukamwazika, achepa.

Mazira amakhazikidwa pamenepo, okwiriridwa pang'ono chabe, kapena pa kathandala ka pulasitiki kuti asakhudze chonyowacho. Chivundikiro chikatsekedwa, chinyontho m'katimo chimakwera kupitirira 90 peresenti. Lamulo lake ndi lakuti mpweya ukhale wonyowa koma dzira likhale louma. Walira mvula walira matope: amene amawaza madzi pa mazira poopa kuti auma, amaitana chuku, ndipo madzi okhala pa chigoba amatseka njira ya mpweya. Madontho akayamba kulendewera kunsi kwa chivundikiro amapukutidwa asanagwere pa mazira. Mwa apo ndi apo chivundikiro chimatsegulidwa kanthawi kuti mpweya watsopano ulowe, ndipo cha kumapeto amatsegula pafupipafupi chifukwa ana akamakula amapuma kwambiri. Ochenjera amayeza kabokosi konse pa sikelo tsiku loyamba; kakapepuka amadziwa kuchuluka kwa madzi otayika, n'kuwabwezera ofunda pang'ono, m'mphepete, kutali ndi mazira.

Dzira lokha limanena za umoyo wake. Likayamba kulowa m'kati m'milungu yoyambirira, ndiye kuti lili ndi ludzu. Likatupa kwambiri n'kumachita thukuta, madzi achuluka. Mukaliunika ndi tochi mumdima, dzira lamoyo limaonetsa mitsempha yofiira yoyanga ngati mizu. Lopanda mwana limakhala laling'ono, lachikasu, ndi lolimba ngati labala.

Osalitembenuza

Kusiyana kwakukulu pakati pa thadzi ndi nsato kuli apa. Dzira la nkhuku likapanda kutembenuzidwa, kamwana kamamatirira ku chigoba n'kufa. M'kati mwake muli timinyewa tiwiri toyera topotana, tomwe mumationa mukaswa dzira m'mbale, timene timagwira chikasu pakati kuti kamwana kazikhala pamwamba ngakhale dzira litagubuduzika. Dzira la njoka lilibe timinyewa timeneti. Likangoikiridwa, kamwana kamakhazikika kumtunda, chikasu cholemera chili pansi. Mukalitembenuza, mukhoza kusenzetsa kamwanako katundu yense wa chikasu ndi kusokoneza mitsempha yake. N'chifukwa chake oweta amalemba kachizindikiro ndi pensulo pamwamba pa dzira lililonse asanalinyamule, kuti likakhale monga momwe mayi analisiyira. Omatirirana sawalekanitsa mokakamiza, poopa kung'amba chigoba.

Masiku omaliza

Nsato yampira imaswa pakatha masiku 55 mpaka 60. Ya kwathu imatenga nthawi yotalikirapo, miyezi iwiri ndi theka kapena kuyandikira itatu. Kutatsala milungu iwiri, mazira amayamba kulowa m'kati ngati mpira wochepa mpweya. Woweta woyamba kumene amachita mantha n'kuthamangira madzi, koma kufota kwa nthawi imeneyi n'kwachibadwa: mwana wamaliza zambiri za m'katimo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku likakwana, kamwana kamacheka chigoba ndi kadzino kakang'ono kakuthwa kamene kali kumapeto kwa mlomo, kadzino kamene kamagwa pakapita masiku ochepa. Pa mng'aluwo pamatuluka thovu, kenako kamphuno, kenako kamutu kokhala ngati chala chachikulu, lilime lili laŵilaŵi kulawa mpweya. Mukayandikira, kamabwerera m'kati. Kamakhala choncho tsiku limodzi kapena awiri, kakumaliza kuyamwa chikasu chotsala kudzera pa mchombo. Chikasu chimenechi ndiye kamba wake wa pa ulendo, pakuti sikadya kanthu mpaka katafundula koyamba, patatha sabata imodzi kapena iwiri. Wokakoka msanga amakalanda kamba ameneyu. Apa ndi pamene chinyontho cha miyezi iwiri yonse ija chimaonekera phindu lake: chikasu chimene sichinaume n'chimene mwana amatha kuchiyamwa mpaka kutha.

Phunziro lake kwathu kuno

Si ambiri ku Mitundu kapena ku Nathenje amene adzawete nsato, ndipo si nkhani yoti munthu angoyamba yekha. Nyama zakutchire zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama ndi nyama zakutchire, kusunga kapena kugulitsa nyama zotetezedwa kumafuna chilolezo, ndipo nsato zonse zili pa mndandanda wa pangano la mayiko la CITES la 1973 loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire. Koma achinyamata ndi magulu a amayi amene akugula kapena kudzipangira timakina toswetsera mazira a nkhuku, nkhanga ndi zinziri akuchuluka, ndipo phunziro la nsato likuwakhudza mwachindunji. Diso lawo limakhala pa nambala ya kutentha, kabeseni ka madzi ka pansi kaja n'kuiwalika. M'mwezi wa October, mpweya ukauma mpaka milomo kung'ambika, kabeseniko kamaphwa msanga, ndipo anapiye amafera m'chigoba atagogomola kale, kakhungu katawaumira pathupi. M'mwezi wa January, mvula ili pakati, vuto limatembenuka: dzira silitaya madzi okwanira, kachipinda ka mpweya kamachepa, mwanapiye n'kutsamwa. Makina ndi omwewo, koma nyengo ya Lilongwe imasintha, ndipo woswetsa ayenera kusintha nayo. Chinyontho chimakwera ndi kutambalala kwa madzi, osati kuya kwake, choncho m'chilimwe mbale yotakata imathandiza kuposa kapu yakuya.

Makolo athu anagwirizanitsa nsato ndi madzi kalekale. Ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, kunali kachisi wamkulu wa mvula wa Achewa, wosungidwa ndi Makewana, ndipo njoka yopatulika yotchedwa Thunga inali pakati pa mwambo wa kumeneko. Akuluakulu ankaletsa kupha nsato mwachisawawa poopa kuti mvula ingakanike. Iwo ankanena za mitambo ndi minda. Ofufuza aja amene anagwira ntchito ku Togo anapeza chinthu chaching'ono koma chogwirika: kuti pansi pa thupi la nsato yokulunga mazira pali kadziko konyowa kamene iyo yokha imakasunga, dzuwa likuswa mtengo panja.

N'zoona kuti nsato imagwira nkhuku, nthawi zina ngakhale kambuzi, ndipo ikapanikizidwa imaluma kolimba. Koma imadyanso makoswe ndi nchenzi zimene zimatha chimanga m'munda ndi nzimbe kudimba. Choncho mukakhala mukusosa m'mbali mwa chulu, kapena anyamata osaka mbewa akakuthamangirani kuti aona nsato yakuda yadziunjika pakhomo pa una, dziwani chimene mwapeza. Ameneyo ndi mayi amene watha miyezi osadya, watuluka kudzatapa dzuwa kuti akafunditse mazira ake. Bwezani ana ndi agalu, musayatse moto pamenepo, musafukule unawo. Ngati ili pafupi kwambiri ndi nyumba, uzani a mfumu ndi a zanyama zakutchire kuti aione. Mukaipha, simunaphe njoka imodzi: mulu wonse uli pansipo uyamba kufota tsiku lomwelo, chifukwa chivundikiro chake chachoka.